Kachilombo ka Mapiko a Ndimu ndi Timaenje ta Kuseri kwa Holo

Anzathu amene simunathe kubwera Loweruka lapitali, nazi zomwe mnzathu wa komiti ya zachilengedwe anayankhula tisanayambe nkhani ya simenti ija. Tazilemba momwe anayankhulira, tangochotsa kuseka kwa anthu ndi mafoni omwe ankangolira. Muwerenge mpaka kumapeto chifukwa voti ilipo Loweruka likubwerali.

Zikomo a tcheya. Zikomo a komiti, ndi nonse achimwene ndi achemwali amene mwabwera dzuwa likuswa mtengo chonchi. Andipatsa mphindi 20. Ndikapyola, a mlembi mungondikodola, ndikhala pansi.

Ndiyambe ndi funso. Ndani muno ali mwana sanagwadepo m'mbali mwa nyumba, pomwe mvula sifika, n'kumayang'ana timaenje tozungulira bwino ngati fanulo? Timaenje tija tinkatokosa ndi kaudzu, kapena kuuzira mpweya mpaka kachilombo kotuwa kaonekere pansi pake? Enafe tinkagwira nyerere n'kuiponyamo dala kuti tione nkhondo. Takwezani manja. Mwaona, pafupifupi tonse. Ngakhale a tcheya akweza, koma mwamanyazi.

Funso lachiwiri: ndani akudziwa kuti kachilombo kaja kakakula kamasanduka chiyani? Zii! Musadandaule, nanenso chaka chatha ngati lero ndikanangokhala chete. Ine ndinadziwa mu Januwale, ndipo ndinadziwa m'njira yochititsa manyazi.

Tsiku limenelo tinaweruka mochedwa kushopu komwe ndimagwira ganyu kuno ku Area 4. Mvula inali itangokata. Pakhoma, pansi pa getsi la alonda, panali zouluka zosiyanasiyana monga zimakhalira m'dzinja: ngumbi zotsalira, agulugufe a usiku, tizikumbu. Pakati pa zonsezo panali chimodzi chachikulupo, thupi lalitali ngati tombolombo, mapiko achikasu okhala ndi timizere ndi madontho akuda. Mumtima ndinangoti chimenechi chimaluma basi. Ndinavula patapata n'kuchimenya kamodzi. Chitagwa, a mlonda athu, bambo achikulire ochokera cha ku Mitundu, anachitola n'kuchiika pachikhatho. Anatambasula phiko limodzi pafupi ndi getsi, kenako anandifunsa kuti, "Mwana wanga, chakulakwira chiyani chimenechi?" Ndinasowa chonena. Phikolo linali ngati chitenje chongochoka kumene pamsika, chosachapidwapo, ndipo ine ndinali nditaling'amba popanda chifukwa.

Ndinachijambula pafoni n'kuika chithunzicho pa iNaturalist. Amene simukuidziwa, ndi pulogalamu yaulere yomwe munthu umaikapo chithunzi cha chamoyo chilichonse, anthu odziwa n'kukuthandiza dzina lake. Patapita masiku angapo yankho linabwera: Tomatares citrinus. Pa Chingerezi amati painted woodland antlion, kutanthauza antlion ya m'nkhalango yooneka ngati yopakidwa penti. Ilibe mbola, ndipo ndi munthu ilibe naye ntchito. Koma chomwe chinandizunguza mutu n'chakuti kachilombo kokongolako n'kapachibale ndi kotuwa kaja tinkakafukula tili ana. Banja limodzi! Kotuwa ka m'dzenje kaja ndi mwana chabe. Kakakula kamamera mapiko anayi n'kuuluka.

Tiyeni tione kaye dzinalo. Antlion ndiye kuti mkango wa nyerere. Asayansi banja lonse amalitcha Myrmeleontidae, kuchokera ku mawu awiri a Chigiriki, ena otanthauza nyerere, ena mkango. Padziko lonse pali mitundu pafupifupi 2,000 ya banja limeneli, ndipo yambiri imakonda malo otentha, ouma ndi amchenga. Kum'mwera kwa Africa kuno ndi kumodzi mwa madera omwe kuli mitundu yambiri, kuphatikizapo ikuluikulu ya mapiko amawangamawanga. Msuweni wawo wina wa ku Madagascar akatambasula mapiko amafika masentimita 16, kuposa theka la lula ya kusukulu.

Mawu akuti citrinus ndi Chilatini, amanena mtundu wa ndimu yakupsa. Amene anapereka dzinali ndi Hermann Hagen, katswiri wa tizilombo wa ku Germany, m'chaka cha 1853. Iyeyo ankafufuza tizilombo tomwe munthu wina wa kwawo, Wilhelm Peters, anatolera ku Mozambique m'zaka za m'ma 1840, pomwe anayenda m'chigwa cha Zambezi mpaka ku Sena ndi ku Tete. Poyamba Hagen anakaika m'gulu lotchedwa Palpares, kenako mu 1866 anakhazikitsa gulu la Tomatares. Taganizani: kachilombo kameneka kanalowa m'mabuku a ku Berlin David Livingstone asanafike n'komwe pa Nyanja ya Malawi mu 1859. Ndipo Tete si kutali. Mukakwera mapiri a Dzalanyama n'kutsikira tsidya linalo, muli kale m'chigawo cha Tete. Ndiye kachilomboka si mlendo, n'kakwathu konkuno. Azungu akhala akukadziwa dzina kwa zaka zoposa 170, pomwe ine mwana wa ku Lilongwe ndinakalonjera ndi patapata.

Tsopano tibwerere kudzenje kuja, chifukwa kumeneko ndiye tonse tinayambira. Kachilombo ka m'dzenje n'kakang'ono, nthawi zambiri sikapyola kwenikweni sentimita imodzi. Thupi lake ndi lophwatalala, laubweya, mutu waung'ono wokhala ndi nsagwada ziwiri zopindika ngati zikwakwa. Mukakaika pachikhatho muona kuti kamayenda chobwerera m'mbuyo. Kukumba dzenje kamakumbanso choncho. Kamayamba ndi kulemba mzere wozungulira pamchenga, kenako kamazungulira chambuyo kakulowa pansi, uku kakunyamula mchenga pamutu n'kumauponya kunja ngati munthu wa fosholo. Timiyala tokulirapo kamatitaya kutali, n'kusiya mchenga wosalala wokhawokha. Kakamaliza kamadzikwirira pansi penipeni, nsagwada zokha zili pamtunda, zoyasama.

Nanga n'chifukwa chiyani nyerere imalephera kutuluka? Amene munagwirapo ganyu pamalo omanga nyumba mukudziwa. Tipa ikakhuthula mchenga wouma, mulu uja umaima motsetsereka mpaka penapake. Mukaponya fosholo ina pamwamba, umagumuka. Mchenga wouma umatha kuima pa madigiri a pakati pa 30 ndi 35, kupyola apo umatsika. Kachilombo kaja kamasiya makoma a dzenje lake ali pamalire pomwepo. Nyerere ikangoponda, pansi pamathawa. Ikalimbikira kukwera, mwini dzenje amaponya mchenga m'mwamba, makoma n'kugumuka, nyerere n'kutsetserekera m'kamwa mwake. Ndipo samadikira kuiona ndi maso. Tiubweya ta pathupi pake timamva kunjenjemera kwa mchenga nyerere ikadali m'mphepete. Physics imene inativuta ku Form 3 ija, kachilombo aka kamaigwiritsa ntchito kasanalowepo m'kalasi.

Kadyedwe kakenso n'kodabwitsa. Sikatafuna. Nsagwada zija zili ndi kanjira mkati ngati jakisoni. Kamabaya nyerere n'kuithira madzi omwe amaifoola ndi kusungunula zam'kati, kenako kamayamwa. Mukudziwa momwe timadyera mango a kalisere: kufewetsa, kuboola, kuyamwa, khungu kutaya. Ndi momwemo. Kakamaliza kamaponya chikhungwa cha nyerere kunja kwa dzenje, n'kukonzanso makoma, n'kudikira wina. Mukayang'anitsitsa m'mphepete mwa timaenje ta kuseri kwa holo ino mupeza mitembo youma ya nyerere. Kudikirako kamakutha zedi. Kakasowa chakudya kamatha kukhala miyezi osadya, osafa.

Pali china chomwe ndikudziwa kuti museka. Moyo wake wonse wa mumchenga, kachilombo aka sikachita chimbudzi. Eee, mwamva bwino. Matumbo ake ndi otseka chakumapeto. Popeza kamangomwa zamadzimadzi, zotsalira zimakhala zochepa, ndipo kamazisunga m'thupi mpaka tsiku lomwe katuluke ndi mapiko. Tsiku limenelo ndi pomwe kamataya kambulu kamodzi kolimba, ka zaka zonse zija. Amene mumadandaula za mzere wa kuchimbudzi cha pamsika, phunzirani kupirira.

Koma apa ndiyenera kukuuzani zoona, kuti mawa musadzanene kuti ndinakunamizani. Timaenje ta kuseri kwa holo si ta Tomatares citrinus. Si antlion iliyonse imakumba dzenje, ndipo kunena zoona mitundu yokumba ndi yochepa poyerekeza ndi yosakumba. Yokumba maenje, monga ya gulu la Myrmeleon, ikakula imakhala yaing'onopo, yotuwa, mapiko oonekera ngati pulasitiki. Mwina munaionapo pakhoma usiku osaizindikira. Tomatares ali m'gulu la zikuluzikulu lotchedwa Palparini. Ana a gulu limeneli samanga msampha. Amangobisala mumchenga kapena m'dothi lofewa, pansi pang'ono, n'kudikira kachilombo kodutsa kuti akambwandire. Pamwamba sipaoneka chizindikiro chilichonse. Mutha kudutsa pomwepo chaka chonse osadziwa kuti pansi pali mwini malo. N'chifukwa chake wa m'dzenje tonse timamudziwa, koma mwana wa wokongolayu ambirife sitinamuonepo.

Kukula kwawo n'kofanana. Mayi amaikira mazira mumchenga, limodzilimodzi. Dzira likaswa pamatuluka kamwana, komwe kamadutsa misinkhu itatu, kakumafundula khungu kakamakula. Nthawi imeneyi imatenga chaka chimodzi, ziwiri, nthawi zina zitatu, malinga ndi chakudya ndi nyengo. Kakakhwima kamaluka chikwa. Ulusi wake sutuluka kukamwa ngati wa mbozi, umatuluka kumchira. Kamamata mchenga ndi ulusiwo mpaka kupanga kampira kozungulira, kunja mchenga, mkati mosalala. Mukakapeza mungaganize kuti ndi kambulu ka dothi. M'menemo kamakhala pafupifupi mwezi, kenako kamaboola, kukwawira pamtunda, kukwera paudzu, n'kutambasula mapiko kuti aume.

Ndiye tamverani masamu ake. Zaka ziwiri kapena zitatu mumchenga, mumdima. Masabata ochepa okha ndi mapiko, nthawi zambiri osapyola kwenikweni mwezi. M'masabata amenewo ntchito ndi imodzi: kupeza mnzake ndi kuikira mazira. Chomwe ndinapha mu Januwale chija chinali chitapirira chilimwe, mvula, nkhuku ndi makasu, n'kufika pamasabata ake omaliza, ofunika kuposa onse. Ndikaganiza zimenezo funso la a mlonda lija limandibwereranso.

Mungaisiyanitse bwanji ndi tombolombo, poti thupi n'lofanana? Njira zilipo zinayi, zosavuta. Yoyamba, yang'anani pamutu. Antlion ili ndi tinyanga tiwiri tooneka bwino, tonenepa kunsonga ngati kachibonga. Tinyanga ta tombolombo n'tating'ono kwambiri moti simungatione muli chiimire. Yachiwiri, kakhalidwe. Tombolombo wamkulu akatera mapiko amakhala otambasula, pomwe antlion imawapinda pamsana ngati denga la nyumba. Yachitatu, kaulukidwe. Tombolombo ndi katswiri, amathamanga, kuima m'malere, kukhota momwe wafunira. Antlion imauluka mopepeluka ngati munthu wochokera kumowa. Ikuluikulu yamawangayi mukaidzidzimutsa m'udzu masana imauluka pang'ono n'kuteranso chapafupi. Yachinayi, malo ndi nthawi. Tombolombo ndi wa masana, amakonda kumadzi chifukwa ana ake amakulira m'madzi. Antlion yambiri ndi ya madzulo ndi usiku, ndipo ana ake ndi a pouma. Nthawi yabwino yoona ya mapiko ndi m'miyezi yotentha ya mvula.

Mawanga aja si okongoletsa chabe. Pakhoma loyera amaonekera patali, koma m'udzu wa m'nkhalango, momwe kuwala kumadutsa m'masamba n'kupanga timithunzi, chikasu ndi timizere takuda zimasokoneza maso a mbalame. Kukongola komwe kunandichititsa mantha pansi pa getsi, kwawo kutchire ndi chovala chobisalira.

Tsopano funso lenileni: kachilombo kotere kamafuna chiyani kuti kakhale ndi moyo? Zinthu zitatu basi. Dothi lofewa kapena mchenga womwe sukusokonezedwa kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Udzu ndi mitengo pomwe wamkulu angabisale. Ndi mdima usiku. Tiyeni tione ngati mzinda wathu ukadali nazo.

Lilongwe atakhala likulu la dziko mu 1975, mapulani ake anasiya malo obiriwira pakati pa ma Area, makamaka m'mbali mwa mitsinje. Chachikulu chomwe chatsala ndi nkhalango ya Nature Sanctuary m'mbali mwa Lingadzi, pakati pa Old Town ndi City Centre, momwe muli Lilongwe Wildlife Centre. Kuchokera pano ndi ulendo wa miyendo. Koma mzinda wakula. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzinda muno, ndipo tonse tikufuna nyumba, msewu ndi makala. Munaona nokha mu 2021 mitengo ikugwa m'mbali mwa Kenyatta Drive pokulitsa msewu. Ine sindikutsutsa msewu, nanenso ndinatopa ndi kukhala m'minibasi ola lathunthu pamtunda woti n'kuyenda pansi. Ndikungonena kuti chilichonse chili ndi mtengo wake, ndipo ena olipira ndi tizilombo tosayankhula.

Mchenga nawo ukupita. Imani pamlatho wa Lilongwe m'mawa, kapena tsikirani ku Lingadzi, muona anthu akuwola mchenga, milu ili m'mbali kudikira matipa. Anthu amenewo akusaka chakudya cha ana awo, ena ndi abale athu. Koma mchenga wouma wa m'mphepete mwa mtsinje ndi mudzi wa zamoyo zambiri, ndipo ukalowa mukonkire sudzabwereranso. Kumayadi kwathu nako, fasho ndi kuwaka bwalo lonse, mpanda mpaka mpanda, osasiya ngakhale poti nkhuku ipalase. Pomwe sipanawakidwe, tsache limadutsa m'mawa uliwonse mpaka pansi kuuma gwa ngati msewu.

Ndiye pali moto. Miyezi ino kuyambira Ogasiti, malo aliwonse osamangidwa amapsa. Ena akusaka mbewa, ena akuti akuthamangitsa njoka ndi akuba, ena angotaya ndudu. Moto ukadutsa, udzu wapita, masamba ouma apita, tizilombo tomwe ana a antlion amadya tapita. Kunja kwa mzinda nkhani ndi yomweyo koma yaikulu. Nkhalango ya Dzalanyama, yomwe inakhazikitsidwa ngati yotetezedwa mu 1922, ndi kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira, madzi omwe timamwa kudzera m'madamu a Kamuzu ku Malingunde. Kudula mitengo ya makala kunafika poti mu 2015 boma linatumizako asilikali. Thumba la makala lomwe likubwera panjinga m'bandakucha linali mombo, linali tsamba, linali mthunzi. Dzina la kachilombo kathu lili ndi mawu akuti nkhalango. Nkhalango ikatha, dzinalo lidzatsala m'buku mokha.

Chachitatu ndi magetsi. Kuno ku Area 4 shopu iliyonse ili ndi getsi lowala usiku wonse, ndipo tikudziwa chifukwa chake, akuba samagona. Koma kwa tizilombo ta usiku getsi ndi msampha. Timazungulira mpaka kutopa, m'malo mofunafuna anzawo. Pakhoma nalimata akudikira, m'mwamba mileme, pansi achule, m'mawa mbalame. Opulumuka onsewo amakumana ndi ine ndi patapata yanga, kapena ndi mayi wa Doom.

Wina afunsa kuti, "Aise, nanga phindu lake n'chiyani? Timadya?" Ayi, si ngumbi, si bwanoni. Ana ake amadya nyerere, chiswe ndi tizilombo tina tapansi, akuluakulu ake ambiri amagwira tizilombo ting'onoting'ono touluka, ndipo iwonso ndi ndiwo za mbalame ndi mileme. Sindinama kuti angathetse nyerere za m'khitchini mwanu, ayi. Phindu lomwe ine ndikuliona ndi lina. Kupezeka kwawo ndi umboni woti penapake pafupi pakadali dothi lamoyo. Tomatares amene anafika pakhoma la shopu yathu uja sanachokere ku Berlin. Ndi kaulukidwe kopepeluka kaja, anakulira chapafupi, pakachigawo kena ka dothi komwe khasu, moto ndi simenti zinakaphonya kwa zaka zingapo. Tsiku lomwe tidzasiye kuwaona tidzadziwe kuti kachigawo komaliza kapita.

Apa ndiye ndafika pankhani ya simenti. Tonse tinasonkha, matumba agulidwa, ndipo mapulani ndi oti tiwake bwalo lonse la kuseri mvula isanayambe. Zifukwa zake ndikuzidziwa ndipo ndi zomveka. Chaka chatha matope analowa mpaka muholo, achemwali a komiti ya ukhondo anakolopa mpaka kudandaula msana. Mipando imatitimira. Gulu la zisudzo likufuna poyeserera popanda fumbi. Ine ndinasonkha nawo, ndipo tsiku lowaka ndidzabwera ndi wilibala. Sindikuti tisawake.

Pempho langa ndi laling'ono. M'mbali mwa khoma la kuseri, pansi pa malata pomwe mvula sifika, tisiye kachigawo ka mita imodzi m'lifupi ndi mamita 6 m'litali. M'mawa uno ndagwada pamenepo, ndawerenga timaenje toposa 40. Titchinge ndi mzere umodzi wa njerwa kuti mchenga usamwazikire pasimenti. Pamenepo pasadutse tsache, pasathiridwe madzi otsukira mbale, pasapoperedwe mankhwala. Matope sangachokere pamenepo chifukwa mpouma chaka chonse, n'chifukwa chake tizilomboti tinasankhapo. Amene mukuopa njoka, ndi mchenga wopanda udzu, wooneka mbali zonse, njoka ilibe pobisala. Ndipo a msungichuma, mungasangalale kumva kuti simenti itsalako, tikhoza kukonzera sitepe ya pakhomo yomwe inagumuka ija.

Kodi kachigawo kameneka kapulumutsa Tomatares citrinus? Ayi. Iyeyo akufuna nkhalango, osati khonde la holo. Koma taganizani za ana omwe amabwera kuno Lachitatu kudzawerenga. Ambiri akukulira m'mayadi owaka, kusukulu kowaka, kutchalitchi kowaka. Ife tinagwadapo pamchenga, n'chifukwa chake nditafunsa poyamba paja manja anakwera. Iwowa tikadzawafunsa zaka 10 zikubwerazi, adzakweza manja angati? Munthu sangamenyere nkhondo nkhalango ya Lingadzi kapena ya Dzalanyama ngati sanadabwepo ndi chamoyo chilichonse. Kudabwako kumayambira pafupi, pakadzenje kamodzi. Enafe tinadutsa m'makalabu a zachilengedwe a kusukulu omwe bungwe la WESM limalimbikitsa, ndipo tikudziwa kuti chomwe chinatigwira mtima si zolemba pabolodi, koma tsiku lomwe anatitulutsa panja.

Kuonjezera pa kachigawoko, ndili ndi ntchito zinayi zomwe sizifuna ndalama zambiri.

Yoyamba, tiphunzitse ana kuona popanda kupha. Tengani supuni, tapani mchenga wa pansi pa dzenje, thirani pasefa kapena pambale yoyera. Poyamba muona ngati mulibe kanthu, chifukwa kachilomboko kamadzifetsa, ndipo mtundu wake ndi wa mchenga womwewo. Dikirani. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kakayamba kuyenda chambuyo, anawo aone, ajambule, kenako mukabwezere pomwe munakatenga. Mawa lake mupeza kakumbanso.

Yachiwiri, kuyambira Disembala mpaka Malichi, Loweruka limodzi pamwezi tizibwera madzulo ndi nsalu yoyera ndi getsi limodzi. Tipachike nsaluyo kuseri, tiwalitse kwa maola awiri, tijambule zonse zobwera, kenako tizimitse kuti zipite. Zithunzi tiike pa iNaturalist, ndi tsiku ndi malo. Chithunzi chimodzi cha pafoni chokhala ndi tsiku ndi malo olondola ndi umboni womwe wasayansi wa ku Zomba, ku Pretoria kapena ku London angagwiritse ntchito. Amene mumagwira ntchito m'mashopu, muziyang'ananso pakhoma m'mawa musanasese. Ndipo muwauze alonda. Iwo ndi amene amaona zambiri usiku kuposa tonsefe.

Yachitatu, mvula ikakhazikika tikonze ulendo wa ku Nature Sanctuary, tikayende m'tinjira ta m'nkhalango. Ambiri timapitako kukaona anyani ndi ng'ona. Ulendo uno tikayang'ane pansi ndi m'udzu.

Yachinayi ndi imene ndimaikonda kwambiri. Lero lonse ndakhala ndikunena antlion, Tomatares, Myrmeleon, mayina a eni ake. Koma agogo athu anakulira limodzi ndi tizilombo timeneti. Brian Morris, mzungu wa ku Britain yemwe anagwirapo ntchito kuminda ya tiyi ku Thyolo, anatulutsa buku mu 2004 lotchedwa Insects and Human Life, lofotokoza momwe Amalawi amadziwira ndi kugwiritsira ntchito tizilombo. Nzeru zomwe zili m'menemo anazitenga kwa anthu a m'midzi. Ifenso tingathe. Muno muli a ku Dowa, a ku Ntcheu, a ku Mzimba, a ku Mangochi, a ku Nsanje. Mukapita kumudzi pa Khirisimasi, kapena mukaimba foni, afunseni agogo kuti kachilombo kokumba timaenje kaja amakatcha chiyani, ankasewera nako bwanji, ankakhulupirira zotani za iko. Mulembe dzinalo, chiyankhulo chake ndi boma. Tidzaika zonse m'kalata yathu ya Febuluwale. Mayina amenewa nawonso akutha ngati mchenga, maliro aliwonse a munthu wachikulire amapita ndi ena.

A mlonda aja ndinawaonetsa yankho la pafoni, ndinawawerengera dzina la Chilatini lija. Anaseka, anati lilime lawo silingakwanitse. Koma anandiuza kuti kwawo ali anyamata ankaziona akamadyetsa ng'ombe m'mphepete mwa nkhalango, ndipo masiku ano papita nthawi. Phiko lija analisunga m'kabuku kawo kolembamo magalimoto olowa pageti. Mpaka lero lilimo.

A mlembi andikodola kachiwiri, ndiye ndithere pompa. Tikamatuluka, musathamangire kumaminibasi. Zungulirani kuseri, gwadani pang'ono, muone nokha timaenje tija, koma chonde musapondepo. Loweruka likubwerali povota, funso lidzakhala losavuta: tiwake bwalo lonse, kapena tisiye mita imodzi m'mbali mwa khoma. Ine dzanja langa mukulidziwa kale komwe lidzakwere.



Voti idzachitika Loweruka nthawi ya 2 koloko masana kuholo. Ovota ndi mamembala okhawo omwe anamaliza zopereka za mwezi wa Seputembala. Amene muli ndi dzina la kwanu la kachilomboka, lembani m'munsimu pamodzi ndi boma lomwe mumachokera.